Mapuloti 16, zinthu zisanu zoti muyese pa mpunga: dulani pakati koma mwalamulo

Funso lachokera kwa alangizi a zaulimi ku Nkhotakota, amene amagwira ntchito ndi kalabu ya alimi a mpunga cha ku sikimu ya Bua. Mwachidule akuti: "Alimi anga akukangana pa zinthu zisanu. Mbewu, Faya kapena Kilombero. Mbande, zamasiku 28 kapena 14. Kutalikana kwa mapando, 20 cm kapena 25 cm. Manyowa, kuthira kapena ayi. Komanso urea wobereketsa, kuthira kamodzi kapena kumugawa kawiri. Ndawerengera ndapeza kuti kuyesa zonse pamodzi pakufunika mapuloti 32, koma malo atipatsa akukwana 16 basi. Ndiyese chimodzichimodzi kapena ndichotsepo zina? Mnzanga wina anatchula za fractional factorial koma sanandifotokozere."

Alangizi, zikomo kwambiri, ndipo ndiyambe ndi yankho lenileni kuti musadikire mpaka kumapeto: musachotsepo chilichonse pa zisanuzo, komanso chonde musayese chimodzichimodzi. Masamu anu ali bwino, 2 x 2 x 2 x 2 x 2 ndi 32 ndithu. Koma 16 muli nayoyo ndi hafu yeniyeni ya 32, ndipo pali hafu ina yake imene ikasankhidwa ndi lamulo, osati ndi maso kapena ndi zokonda za atcheya a kalabu, imakuuzani pafupifupi zonse zimene 32 ikanakuuzani. Ndiyo fractional factorial anatchula anzanuwo. Inu muli ndi mwayi chifukwa zinthu zisanu pa mapuloti 16 ndi dizayini imodzi mwa zabwino kwambiri m'banja lonseli.

Tiyambe ndi njira imene mutu umathamangirako, ya chimodzichimodzi ija. Mumakhala ndi puloti ya malimidwe akale, kenako ina mwasintha mbewu yokha, ina mwasintha mbande zokha, choncho mpaka zisanu zonse zitatha. Ndi magulu 6 amenewo. Pa mapuloti 16 ndekuti gulu lililonse lipeza mapuloti awiri, ena atatu. Nde mukafuna kudziwa ngati manyowa athandiza mukuyerekeza mapuloti awiri kapena atatu ndi anzake awiri kapena atatu, ena 10 aja angokhala duu, sakunenapo kanthu pa nkhani ya manyowa olo mwawapalira ndikuwalondera mbalame sizoni yonse. Inu mukudziwa bwino mmene mapuloti a mpunga amasiyanirana okha musanawachite chilichonse, iyi ili pachidikha madzi sachoka, iyi panali chulu kale, iyi ili pafupi ndi mtengo umene mbalame zimaterapo. Ndi mapuloti awiri okha mbali iliyonse, chulu chimodzi chikhoza kukunamizani kuti manyowa ndi odabwitsa. Mu dizayini ndikupatseniyi, puloti iliyonse imayankha mafunso onse asanu nthawi imodzi. Funso la manyowa, mapuloti 8 othiridwa ndi 8 osathiridwa. Funso la mbewu, 8 a Kilombero ndi 8 a Faya, mapuloti omwewo, mwangowagawa mwina. Kuti njira ya chimodzichimodzi ifike pa mphamvu imeneyi ingafune 8 pa gulu lililonse mwa magulu 6 aja, ndekuti mapuloti 48.

Koma vuto lalikulu silimenelo. Vuto lalikulu ndi loti m'munda zinthu zimakokana. Mbande zazing'ono zimaphukira kwambiri zikapatsidwa malo, nchifukwa chake anthu a SRI, njira yolimira mpunga yotchedwa System of Rice Intensification, amaphatikiza mbande zazing'ono ndi mapando otalikana 25 cm, samazisiyanitsa. Tsono inu mukayesa 25 cm ndi mbande zokalamba zamasiku 28, mukhoza kupeza kuti zokolola zatsika chifukwa mapando achepa koma mphukira sizinachuluke, nde mulemba mu lipoti kuti 25 cm siyabwino, alimi nkuitaya, pomwe ikanaphatikizidwa ndi mbande zamasiku 14 mwina ikanachita bwino. Chimodzimodzi mbewu yaitali ngati Kilombero ikadya nayitulojeni wambiri nthawi imodzi ikhoza kugwa, ndiye yankho la urea likhoza kudalira mbewu yake. Zimenezi ndi zomwe timati interaction, ndipo njira ya chimodzichimodzi siingazione olo mutaibwereza zaka khumi, sinanga siimasintha zinthu ziwiri pamodzi.

Anthu ambiri amaganiza kuti masamu awa ndi a m'mafakitale, koma anabadwira m'munda. Ronald Fisher anayamba ntchito ku Rothamsted, malo ofufuzira zaulimi ku England, mu 1919, ndipo pofika 1926 anali akulemba kale kuti kufunsa chilengedwe funso limodzi pa nthawi nkulakwitsa. Frank Yates anapitiriza pamalo omwewo, ndipo mu 1945 David Finney ndi amene anaonetsa bwinobwino mmene mungadzalire gawo chabe la mayeso onse nkudziwiratu chimene mwataya. Mafakitale anadzatengera pambuyo. Nde musamve ngati mukubwereka chida cha eni ake, nchanu chomwe alangizi.

Tsono nchifukwa chani kudula pakati kumatheka? Taonani chimene mapuloti 32 amakugulirani. Amakupatsani mayankho 31. Asanu ndi a chinthu chilichonse pachokha, ma main effect. 10 ndi a zinthu ziwiriziwiri, monga mbewu ndi urea, mbande ndi mapando. Otsala 16 onse ndi a zinthu zitatu, zinayi kapena zisanu zikukokana nthawi imodzi: 10 a zitatu, 5 a zinayi, limodzi la zonse zisanu. Ndekuti kuposa hafu ya thukuta lanu ikupita ku mafunso ngati akuti, kodi mmene manyowa amasinthira mmene urea amasinthira mmene mapando amasinthira zokolola, zimadalira mbewu? Funso loti olo mutalipeza yankho simungaliimirire pamaso pa alimi nkulifotokoza, komanso m'mayeso ambiri zoterezi zimakhala zazing'ono kwambiri. Dizayini ya hafu imabetcha pamenepo. Imati tiyeni titaye zovutazo, tisunge 15 zofunika. Ndikubetcha ndithu, sindikubisani, koma nkubetcha kumene nthawi zambiri kumapambana.

Ndikuonetseni pa kanthu kakang'ono kaye kuti muone ndi maso pomwe pali mtengo wake. Tiyerekeze zinthu zitatu zokha, A mbewu, B mbande, C mapando. Chilichonse tichipatse chizindikiro, − ndi +. Faya, masiku 28 ndi 20 cm ndi −, Kilombero, masiku 14 ndi 25 cm ndi +. Zonse zikanafuna mapuloti 8, ife tili ndi 4. Tilemba A ndi B mokwanira, kenako C timupeza pochulukitsa zizindikiro za A ndi B: zikafanana ndi +, zikasiyana ndi −. Manambala a zokololawa ndangopeka kuti tione masamu.

Faya, mbande zamasiku 28, 25 cm: makilo 5
Kilombero, mbande zamasiku 28, 20 cm: makilo 6
Faya, mbande zamasiku 14, 20 cm: makilo 5
Kilombero, mbande zamasiku 14, 25 cm: makilo 8

Kodi 25 cm yathandiza bwanji? Avereji ya mapuloti awiri a 25 cm ndi 6.5, ya awiri a 20 cm ndi 5.5, kusiyana kilo imodzi. Mwasangalala eti. Koma tsopano funsani funso lina, kodi Kilombero amakondana ndi mbande zazing'ono mwapadera? Kuti muyankhe mutenga mapuloti amene A ndi B afanana zizindikiro, woyamba ndi womaliza, nkuchotsera awiri apakatiwo. Ndi mapuloti omwe aja, masamu omwe aja, kilo imodzi yomwe ija. Nde kilo imeneyi ndi ya ndani, ya mapando kapena ya mgwirizano wa mbewu ndi mbande? Palibe kompyuta padziko pano ingakuuzeni. Zili ngati ana awiri amene nthawi zonse amalowa kukhitchini limodzi nkutulukanso limodzi, ndiwo zikatha mumphika simungaloze mmodzi. Zimenezi amati aliasing, ndipo dizayini iliyonse yodulidwa ili nazo, palibe yothawa. Luso lonse lagona pa kusankha kuti ndani amangiriridwe kwa ndani.

Pa mapuloti anu 16 zimakhala bwino kwambiri kuposa kachitsanzo aka. Tiike chonchi: A ndi mbewu, − Faya, + Kilombero. B ndi mbande, − masiku 28, + masiku 14. C ndi mapando, − 20 cm, + 25 cm. D ndi manyowa, − palibe, + alipo. E ndi urea, − kamodzi, + kawiri. Mulemba A, B, C, D m'njira zonse 16, kenako E mumupeza pochulukitsa zinayizo, E = ABCD. Mwachidule, werengani ma − pa zinayi zoyambazo, akakhala 0, 2 kapena 4 ndekuti E ndi +, akakhala 1 kapena 3 E ndi −. Tebulo lake nali, dongosolo lake A B C D E:

1: − − − − +
2: + − − − −
3: − + − − −
4: + + − − +
5: − − + − −
6: + − + − +
7: − + + − +
8: + + + − −
9: − − − + −
10: + − − + +
11: − + − + +
12: + + − + −
13: − − + + +
14: + − + + −
15: − + + + −
16: + + + + +

Mwachitsanzo nambala 6 ndi Kilombero, mbande zamasiku 28, mapando 25 cm, opanda manyowa, urea kawiri. Nambala 11 ndi Faya, mbande zamasiku 14, 20 cm, manyowa alipo, urea kawiri. Tsikirani mzere uliwonse muwerenge, mupeza + 8 ndi − 8. Ndipo chokoma kwambiri, tengani mapuloti 8 a manyowa okha, mupeza 4 ndi Kilombero 4 ndi Faya, 4 ndi 20 cm 4 ndi 25 cm, chilichonse chagawika pakati ndendende. Nchifukwa chake mukayerekeza a manyowa ndi opanda manyowa, zina zonse zimafafanizana zokha.

Nanga ndani wamangiriridwa kwa ndani? Gwiritsani zala zisanu za dzanja lanu. Mukapatula chala chimodzi zitsala zinayi, ndekuti chinthu chilichonse pachokha chamangiriridwa ku interaction ya zinayi zinazo, A ali ndi BCDE, ndipo poti ya zinayi nthawi zambiri ndi yosaoneka nkomwe, yankho la A ndi loyera. Mukapatula ziwiri zitsala zitatu, AE ali ndi BCD, BC ali ndi ADE. Palibe main effect yosokonezeka ndi inzake, palibe ya ziwiri yosokonezeka ndi ya ziwiri inzake. Zimenezi amati resolution V, V kutanthauza 5, zala zisanu zija. George Box ndi J. Stuart Hunter ndi amene anafalitsa kawerengedwe aka ka resolution mu 1961. Kachitsanzo ka mapuloti 4 kaja kanali resolution III, zala zitatu, chimodzi kumangiriridwa ku ziwiri, nchifukwa chake kanatisokoneza. Pakati pali IV, pomwe main effect ndi yoyera koma ma interaction a ziwiri asokonezana okhaokha. Apa ndikuchenjezeni, ndikudziwa kuti kalabu ikamva kuti zisanu zatheka wina adzati tiwonjezerepo kathiridwe ka madzi. Zisanu ndi chimodzi pa mapuloti 16 zimatheka koma mwatsikira ku IV, nde AE, mbewu ndi urea, amene mukumufunitsitsa uja asakanikirana ndi anzake. Komanso madzi mu sikimu simungawasinthe puloti ndi puloti mmene mungasinthire mbande, amayenda mwa chigawo, ndipo zikatero dizayini yake ndi ina, ya split-plot, mawerengedwe akenso ndi ena. Madzi asiyeni akhale ofanana kwa onse chaka chino.

Wina adzabweranso ndi nzeru yoti bwanji tingopanga mapuloti 8 nkuwabwereza kawiri, kapena 8 okha malo enawo tidzale wogulitsa. Zisanu pa 8 zimathekadi, mumaika D = AB ndi E = AC. Koma taonani zotsatira zake. Yankho la manyowa lasakanikirana ndi mbewu x mbande. La urea lasakanikirana ndi mbewu x mapando. La mapando lasakanikirana ndi mbewu x urea, yomwe ija tikuikayikira kuti ilipo. Dizayini zotere zili ndi ntchito yake, pomwe muli ndi zinthu zambirimbiri ndipo mukungofuna kusefa kuti zamphamvu ndi ziti, monga ya Plackett ndi Burman ya 1946 imene imayesa zinthu 11 pa mayeso 12 okha. Mufakitale mukasokonezeka mumabwerezanso mawa mutatembenuza zizindikiro zonse nkumasula mfundoyo. Koma inu kubwereza kwanu ndi chaka chamawa, mvula ina, mitengo ya feteleza ina, alimi ena atatopa nazo. Ndipo kubwereza 8 omwewo kawiri sikumasula kanthu, osokonezeka aja amakhalabe osokonezeka. Kwa ine 16 osiyanasiyana aja ndi abwino kutalitali.

Tsopano tipite kumunda, chifukwa dizayini zambiri zabwino zimafera kumeneko osati papepala.

Choyamba malo. Ngati malo anu ali ndi kumtunda ndi kumunsi, kapena mbali ina ili pafupi ndi ngalande imalandira madzi msanga, musanamizire kuti ndi ofanana. Agaweni mabuloko awiri a mapuloti 8. Koma apa pali msonkho wina woti mulipire mukudziwa. Mu dizayini iyi mayankho onse 15 ali ndi eni ake, nde buloko iyenera kudya limodzi, ndipo poti main effect simungaipereke, mupereka interaction imodzi ya ziwiri. Sankhani imene simukuifuna kwenikweni. Ine ndikanasunga mbewu x urea, mbande x mapando, manyowa x urea, nkupereka mbande x manyowa, BD. Zikatero buloko yoyamba itenga manambala amene B ndi D afanana: 1, 2, 5, 6, 11, 12, 15, 16. Yachiwiri itenga 3, 4, 7, 8, 9, 10, 13, 14. Buloko iliyonse ili ndi 4 Kilombero 4 Faya, 4 manyowa 4 opanda, choncho olo kumunsi kukhale kwachonde kuposa kumtunda, mayankho asanu akuluakulu aja sakhudzidwa. Mukadzaona nambala yaikulu pa BD musadzailembe ngati zapezeka, ndi kusiyana kwa malo kumeneko. Ngati inu mukuona kuti BD ndiyofunika kwanuko sankhani ina, lamulo ndi lomwelo, bola musankhe musanafese.

Mkati mwa buloko, maere. Lembani manambala 8 pa timapepala, ikani mu chipewa, aitaneni alimi atole okha, nambala yoyamba kutuluka ipite pa puloti yoyamba, choncho. Musadzale motsatira tebulo, taonani 1 mpaka 8 onse alibe manyowa, mukawandandalika chomwecho manyowa onse apita mbali imodzi ya munda. Ndipo wina akati nambala 16 ija, ya zabwino zokhazokha, tiike kumsewu anthu aziiona, kanani mwaulemu koma kanani ndithu. Maere ochitika pagulu amathandizanso kuti mawa wina asadzati alangizi anakondera.

Alimi adzakufunsani kuti nanga malimidwe athu akale ali pati, chifukwa mu tebulo mulibe puloti ya − yokhayokha, ili mu hafu inayo. Funso labwino limenelo, ndipo anthu amafuna kuona ndi maso. Ngati pangapezeke kamalo pambali ikani puloti ya 17 yachionetsero, koma isalowe m'masamu. Kapena tembenuzani mzere wa E wonse, pa + muike −, pa − muike +, mupeza hafu inayo, yamphamvu chimodzimodzi, ili ndi − yokhayokha koma ilibe + yokhayokha.

Nazale. Kuti mbande zamasiku 28 ndi zamasiku 14 zikumane, fesani mosiyanitsa ndi masabata awiri nkuwokera zonse tsiku limodzi, madzi ake amodzi, anthu ake amodzi. Ndi timanazale tinayi timeneto, mbewu ziwiri kawiri, tiikeni zikwangwani zosafufutika ndi mvula. Mbewu ikhale yeniyeni yosasakanikirana, mukatenga yapamsika yosakanikirana ndekuti A wanu alibe tanthauzo. Anzathu ofufuza za mpunga ku Lifuwu ku Salima ndi oyenera kuwafunsa pa zimenezi. Owokera asagawane kuti gulu ili la 25 cm gulu ilo la 20 cm, chifukwa mukatero mwapanga aliasing ina ndi manja anu, mapando amangiriridwa ku luso la owokera. Urea akhale mulingo umodzi kwa onse, wakamodzi athiridwe yense, wakawiri agawidwe hafu hafu, apo ayi simudzadziwa ngati chathandiza ndi kugawa kapena kuchuluka. Feteleza wokulitsa akhale wofanana paliponse. Manyowa akhale a mulu umodzi, osakanizidwa bwino, oyezedwa ndi ndowa imodzi. Ndipo puloti iliyonse ikhale ndi kamzere kake ka dothi kotchinga madzi, olimba bwino, madzi asamadutse puloti ina kupita ina, chifukwa urea amasungunuka nkuyenda nawo, nde mupeza puloti yoyandikana ikudya za eni.

Pokolola musamwete puloti yonse. Ngati mapuloti ndi 5 m x 5 m, siyani m'mbali, tengani pakati 4 m x 4 m. Ndasankha 4 m dala chifukwa imagawika bwino konsekonse, mizere 20 pa 20 cm, mizere 16 pa 25 cm, ndekuti mapando 400 ndi 256 koma malo ofanana. Yerekezani malo ofanana, osati mapando ofanana. Mbewu ziwirizi sizikhwima tsiku limodzi, nde yoyamba kucha ndi yomaliza kutsala m'munda ndi imene mbalame zimaunjikirapo, alonda asatope pakati. Punthani puloti iliyonse payokha, petani, yanikani mofanana, thumba lililonse nambala yake mkati ndi kunja, sikelo imodzi. Makilo a pa 16 sikweya mita mukachulukitsa ndi 625 mupeza makilo pa hekitala.

Masamu ake ndi a pafoni. Pa chilichonse, avereji ya mapuloti 8 a + kuchotsera avereji ya 8 a −. Tiyerekeze a manyowa apereka avereji 6.2 ndipo opanda 5.4, kusiyana 0.8, kuchulukitsa ndi 625 ndi makilo 500 pa hekitala, matumba 10 a 50 kg. Pa interaction pangani mzere watsopano pochulukitsa zizindikiro, monga AE, zofanana +, zosiyana −, kenako masamu omwewo. Mukhala ndi manambala 15, imodzi ya buloko muiike pambali. Amene ali ndi kompyuta, Excel ikwanira, ndipo mu pulogalamu yaulere ya R muli phukusi la FrF2 lomwe limatulutsa tebulo ndi ma alias ake onse.

Pamene pamavuta anthu ndi apa. Asupavaiza kapena aphunzitsi adzafunsa kuti ma replicate, mapuloti obwereza malimidwe omwewo, ali kuti, p-value, nambala yoonera ngati kusiyana sikwamwayi chabe, ili kuti. Zoona, mapuloti 16, avereji imodzi ndi mayankho 15, palibe chotsala choyezera kusiyana kwa mapuloti kongochitika kokha, komwe timati phokoso la m'munda. Koma njira ilipo. Pa manambala amenewo ambiri amakhala aang'ono, phokoso chabe, ochepa ndi amene amatumphuka. Nde aang'onowo ndi amene amakuuzani kukula kwa phokoso. Cuthbert Daniel mu 1959 anaonetsa zowajambula pa galafu yotchedwa half-normal plot, aphokoso amagona pamzere umodzi, enieni amapatuka. Russell Lenth mu 1989 anapereka njira yoti mutha kuchita ndi cholembera: chotsani zizindikiro, ndandalikani kuyambira yaing'ono, tengani yapakati muchulukitse ndi 1.5. Chotsani onse oposa yankho limenelo kawiri ndi theka, pa otsalawo tenganinso yapakati muchulukitse ndi 1.5. Chimene mwapezacho ndicho muyeso wa phokoso, ndipo pa dizayini ya kukula uku nambala yoposa muyesowo kawiri ndi theka kapena katatu ndiyo yoyenera kuikhulupirira. Palinso mphatso ina. Mukapeza kuti chinthu chimodzi, kaya kugawa urea, sichikuchita kalikonse pachokha ngakhale ndi anzake, chifufuteni pa tebulo, zinayi zotsalazo mupeza zili mu factorial yathunthu ya 16, palibe chodulidwa. Zikafa ziwiri, zitatu zotsala zili ndi njira zonse 8, iliyonse kawiri, ma replicate aja abwera okha.

Interaction ikatuluka yaikulu musathamangire kunena za main effect yokha. Jambulani timabokosi tinayi, mwachitsanzo Faya kamodzi, Faya kawiri, Kilombero kamodzi, Kilombero kawiri, bokosi lililonse avereji ya mapuloti 4. Zimenezo ndi zimene alimi angamve, ndipo ndi zimene zili ndi uphungu weniweni mkati. Ndipo zokolola si phindu. Mpunga wonunkhira uli ndi mtengo wake pamsika, manyowa ali ndi ngolo ndi aganyu, mbande zazing'ono zimafuna manja osamala powokera, nde matumba owonjezera aja muwaike pambali pa ndalama ndi ntchito yake musanalangize.

Kufooka kwenikweni kwa dizayini iyi nkwakuti ilibe sipeya. Puloti imodzi ikadyedwa ndi mvuu kapena ng'ombe, kapena ikamira, kulingana kuja kwasweka, avereji ya 8 ndi 7 siyoyeranso. Zikachitika musabise ndipo musalembepo nambala yongoganiza, mudzafunika masamu ena otchedwa regression nkusiya ma interaction ena. Nde tetezani mapuloti onse mofanana, olo imene ikuoneka yonyozeka, chifukwa m'masamu onse ndi olemera chimodzimodzi. Komanso ndi munda umodzi, sizoni imodzi, zimene mwapeza ndi za dothi limenelo ndi mvula imeneyo.

Pa chifukwa chimenechi, ngati mungapeze kalabu ina, kaya cha ku Chia kaya ku Salima, yoti ingapereke mapuloti 16 enanso, musaipatse tebulo lomweli. Ipatseni hafu inayo, ya E wotembenuzidwa ija. Mukaphatikiza muli ndi 32 yonse, ma interaction a ziwiri amasuka kwa a zitatu, kusiyana kwa malo awiriwo kugwera pa ABCDE amene palibe akumufuna, ndipo a zitatu ndi a zinayi aja asanduka choyezera phokoso, p-value ya asupavaiza nkupezeka. Ikapanda kupezeka kalabu yachiwiri, chaka chamawa tengani zinthu zitatu zimene zatumphuka, mudzale njira zake zonse 8 kawiri pa mapuloti 16 omwewo, maere atsopano, zina ziwirizo muziike pa mulingo wotchipa kapena wosavuta kwa alimi.